Mavoti a Mtedza ku Zidzaoneka

Ku Zidzaoneka, dziko lomwe pamapu simungalipeze chifukwa komiti yojambula malire ake ikadakambirana, anthu savota ndi mapepala. Makolo awo anaona kuti pepala limalola chilichonse, choncho anaika lamulo lakuti kukabuka nkhani yaikulu, munthu aliyense aziponya njere imodzi mumtsuko. Mwambowu unayenda bwino zaka zambirimbiri, makamaka chifukwa panalibe amene ankawafunsa anthuwo maganizo awo.

Ndiye kunabwera chaka chija Mfumu Pakatimpakati Wachiwiri inatopa ndi phokoso la Mgwirizano. Zidzaoneka linali limodzi mwa maiko a mu Mgwirizano wa Maufumu Asanu, womwe likulu lake linali ku Kutalitali. Ena ankaukonda Mgwirizanowo chifukwa munthu ankaoloka mlatho wa Chilowereni popanda chiphaso, kukagulitsa mbuzi kutsidya n'kubwerako ndi mchere. Ena ankadana nawo chifukwa akuluakulu a ku Kutalitali, anthu oti sanaungepo mzere wa mbatata, analamula kuti mipini ya makasu m'maufumu onse asanu ikhale yofanana kutalika. Anthu aatali misana inawathera m'munda, aafupi ankalima ngati akugwetsa mango. Mfumuyo, yomwe pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi inali isanagamulepo mlandu ngakhale wa nkhuku, inati anthu asankhe okha. Wofuna kukhalabe mu Mgwirizano aponye nyemba, wofuna kutulukamo aponye mtedza.

Nduna zonse zisanu ndi zinayi zinali za nyemba, pakuti Mgwirizano unkaziitana ku Kutalitali kumisonkhano ya nyama kawiri patsiku. Sizinakayike n'komwe kuti anthu aponya mwanzeru. Atakhuthula mitsuko, mtedza unapezeka 6,214, nyemba 5,903. Kunyumba yachifumu kunangoti zii, ngati pamaliro a munthu wosadwala.

Apa ndi pamene tsoka linamupeza Mayi Edesi Nangozo. Lamulo limati njere zovoterazo zisungidwe miyezi itatu ndi munthu wamba wodziwa kusunga mbewu, ndipo woluza akadandaula, ziwerengedwenso mpaka katatu. Pakuwerenga kachitatu zikapezeka zopelewera, chisankho chonse chimafa, msungiyo amametedwa mpala pabwalo anthu onse akuona, ndipo saloledwanso kugulitsa kanthu mumsika uliwonse mpaka atalowa m'manda. Nangozo anali atagulitsa mbewu pamsika wa Bwerakoni zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Analibe munda waukulu, analibe mwamuna, analibe malata padenga. Chuma chake chinali benchi lake lija ndi mbiri yakuti mbewu ya Nangozo imamera, ndipo anankafumbwe nyumba yake amailambalala. Mbiri imeneyo ndiyo inamusenzetsa mitsuko iwiri ya boma osapempha.

Iye mwini anaponya nyemba. Mwana wake Filesi anakwatiwa kutsidya, ndipo akaganiza zokapempha chiphaso kuti akaone adzukulu ake, mtima unkamupweteka. Koma izi sanauze munthu, pakuti mtsuko sufunsa dzina.

Dzikolo linali ndi nyuzipepala ziwiri. Mlomo wa Anthu inali ya nyemba, ndipo mkonzi wake, Bambo Sipiriyano Chimwaza, anali mlamu wa a Tsokalida, Nduna Yoona Zobwereza Zinthu. Nkhwangwa inali ya mtedza. Mvula ikagwa, Mlomo unkati ndi mphatso ya Mgwirizano, Nkhwangwa n'kuti Mgwirizano wanyowetsa dala fodya wa alimi. Anthu a pamsika ankazilemekeza zonse ziwiri mofanana: Mlomo unkakulunga bwino usipa, Nkhwangwa inkayatsa mbaula msanga.

Mlomo sunachedwe. Tsiku lotsatira chisankho unalemba kuti anthu ambiri anaponya mtedza chifukwa nyemba zinali zitadula. Mawa lake unati okalamba sanaone bwino. Tsiku lachitatu unapeza katswiri wina, wosatchulidwa dzina, yemwe anafotokoza kuti munthu akaponya mtedza, pansi pamtima amakhala akutanthauza nyemba. Sabata isanathe, a Tsokalida analengeza kuti pomvera kulira kwa anthu, komwe anakuwerenga mu Mlomo, mavoti awerengedwanso.

Nangozo anasenza mitsuko yake kupita nayo kunyumba ya malamulo. Msungi amaloledwa kulowa m'chipinda chowerengeramo, koma amaima pakhomo ndipo satsegula pakamwa. Nduna zinakhala mozungulira tebulo, a Chimwaza nawo ali pomwepo monga mboni ya anthu. Anakhuthula nyemba, naziwerenga mwaulemu, zinakwana 5,903. Kenako anakhuthula mtedza.

Kuwerenga ndi ntchito yotopetsa, ndipo dzanja la nduna silinazolowere kuchoka patebulo lopanda kanthu. Nangozo anaona a Tsokalida akuwerenga njere zinayi, yachisanu n'kulowera pakamwa. Anayamba waganiza kuti maso ake amunamiza. Koma posakhalitsa nsagwada zonse zinali pantchito, chipinda chonse kukutu kukutu, ndipo pandevu za a Chimwaza panali patamatirira timakoko tofiira. Sizinali zachiwembu poyamba, Mulungu ndi mboni. Chinali chizolowezi chabe. Koma chiwerengero chitatuluka 6,120, nduna zinayang'anana, ndipo zinazindikira kuti chizolowezi chawocho chili ndi phindu kudziko.

M'mawa mwake, Mayi Jenala, wogulitsa usipa pabenchi loyandikana ndi la Nangozo, anatambasula pepala lokulungira n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Tamverani izi, Make Filesi. ‘Anthu 94 Asintha Maganizo Ali Mumtsuko.’ Akuti nyemba sizinachepe chifukwa mfundo zake n'zolimba."

"N'zolimbadi," anatero Nangozo. "Nyemba yaiwisi ungaitafune iwe?"

"Mukutanthauza kuti adya?"

"Ine sindinanene. Kuloza nduna chala ndi zaka zisanu kundende."

Jenala anaseka mpaka usipa unamwazika, koma Nangozo sanaseke. Ankadziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mutu womwe udzametedwe si wa khosweyo.

Kuwerenga kwachiwiri nduna zinabwera zisanadye kadzutsa. Mtedza unatsika kufika 6,007. Apa Mlomo unasiya za kusintha maganizo n'kutembenukira kwa msungi. Unajambula mayi wamasaya otukumuka, pansi pake n'kulemba kuti, "Kodi Nangozo Wanenepa Ndi Chiyani?" Nangozo, yemwe chitenje chinkamuzungulira kawiri, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anaganiza kuti mwina Nkhwangwa imuteteza, poti mavoti odyedwawo anali awo. Nkhwangwa inafufuzadi, ndipo inapeza kuti mwana wake anakwatiwa kutsidya. "Kazitape wa Mgwirizano Asunga Mitsuko," inatero ndi zilembo zazikulu ngati zala.

Makasitomala anayamba kudutsa benchi lake maso ali kwina. Mayi wina yemwe Nangozo anamupatsapo mbewu ya nandolo yaulere chaka cha chilala anakoka mwana wake kuti asayandikire. Zimenezi zinamuwawa Nangozo kuposa chithunzi chija, ndipo masana a tsikulo analira kuseri kwa matumba ake, mwakachetechete, kuti Jenala asamve.

Jenala anamva.

"Make Filesi, musadzipweteke," ananong'ona. "Zasowa njere zingati?"

"Mazana awiri ndi zisanu ndi ziwiri."

"Ndiye mukulirira chiyani? Kumbuyo kwanuku kuli matumba atatu a mtedza. Tapani kambale kamodzi, thirani mumtsuko, nkhani yatha. Adziwa ndani?"

Nangozo anayang'ana matumba akewo. Anali mtedza wabwino, wofanana ndendende ndi wa mumtsuko. Dzanja linamuyabwa, pakuti lumo analiopa ndithu.

"Ayi, achemwali," anatero pomaliza. "Mtedza wangawu sunavote."

"Nanga mutani? Mungokhala kudikira mpala?"

"Lamulo limati msungi ateteze mavoti ku tizilombo tonse toononga. Silinatchule kukula kwa kachilomboko."

Kunyumba anachita zomwe amachita chaka chilichonse ndi mbewu yodikira mvula. Anatenga mafuta a nsatsi, nasakaniza ndi ufa wa muzu wina womwe dzina lake sauza munthu, n'kupaka njere zonse, nyemba ndi mtedza womwe, mpaka zinachita kunyezimira. Mankhwalawo sapha munthu. Koma aliyense wogwira khasu ku Zidzaoneka amadziwa fungo lake, ndipo ngakhale mwana wakhanda amauzidwa kuti mbewu yonyezimira salawa.

Popeza Nangozo sanali mfiti, anaganiza zochenjeza anthu poyera. Anavala mpango wake wa kutchalitchi n'kupita kuofesi ya Mlomo wa Anthu. A Chimwaza anamulandira ali chikhalire, miyendo patebulo.

"Mwabwera kudzavomera, amayi?"

"Ndabwera ndi chidziwitso, bwana. Mulembe kuti mavoti ndawathira mankhwala oteteza mbewu, ndiye munthu asa..."

"Chidziwitso cha ulimi?" A Chimwaza anakweza dzanja. "Amayi, dziko lili pamphambano. Tsamba lililonse ladzaza ndi tsogolo la ana athu. Za anankafumbwe mukanene kumsika."

"Koma bwana, zikukhudza inuyo."

"Chomwe chikukhudza ine ndimachidziwa ndine. Mwanena kuti mwathira kanthu m'mavoti? Basi, zikomo."

Mawa lake Mlomo unalemba kuti, "Nangozo Avomera: Ndinagwira Mavoti." Za mankhwala munalibe. Ku Nkhwangwa anamumvetsera mpaka kumapeto, osati chifukwa cha ulemu, koma ankafuna pomugwirira. Anasindikiza mawu ake onse patsamba lachisanu ndi chiwiri, pansi pa mutu wakuti, "Kazitape Adzoza Mavoti Athu Mafuta Achilendo." Msika wonse unawerenga poyatsa mbaula. Koma nduna za ku Zidzaoneka zinkanyadira chinthu chimodzi, chakuti chibadwire sizinagwirepo Nkhwangwa ndi manja awo.

Tsiku lowerenga kachitatu linali Lachisanu. Nangozo anaima pakhomo paja, manja kumbuyo, pakamwa potseka monga mwa lamulo. A Tsokalida anatola njere imodzi, naitembenuza pakuwala.

"Lero wachita kukazinga ndi mafuta," anatero. "Mayiyu wayamba kudziwa ulemu."

Nduna zinadya mtedzawo ngati zikutsazikana nawo. Kupelewera kokha kukanapha chisankho, koma nduna zinkafunanso kutsitsa mtedza ndi njere zoposa zana kuti ugwere pansi pa nyemba, ndipo nduna zinagwira ntchitoyo modzipereka, moti zinapitirira muyeso. A Chimwaza, monga mboni, ankachitira umboni ndi manja awiri. Pomaliza a Tsokalida anatapa chikhatho chodzaza, nakulunga m'kampango, n'kutumiza kwa Mfumu, poti mwambo umati nduna sidya chokoma mwinidziko asanalaweko.

Masana bwalo la ku Mpandowanga, likulu la dzikolo, linadzaza mpaka m'mitengo. Nangozo anamukhazika pakampando pakati pa bwalo, mpango atamuvula. Pambali pake panaima wometa wa boma, akunola lumo pachikopa. Nangozo anayang'ana nduna imodziimodzi. Sankadziwa ngati mankhwalawo agwire nthawi yake, pakuti anali asanawayeserepo pamimba yozolowera nyama kawiri patsiku.

Chomwe chinamuthandiza ndi mwambo. Ku Zidzaoneka chiwerengero sichilengezedwa nduna iliyonse isanayankhule, ndipo nduna siyankhula mosakwana theka la ola. Ya Zamilatho inayamikira mlatho. Ya Zamipini inafotokoza mbiri ya mpini kuyambira pachiyambi. Dzuwa linapendeka, wometa anatopa n'kukhala pansi. Yomaliza inali ya Zobwereza Zinthu, ndipo a Tsokalida anaimirira ndi pepala m'manja.

"Mwinidziko, nduna zinzanga, anthu a mtundu wathu. Lero choonadi chomwe chinabisika mumtsuko chi..."

Anaima. Kunamveka mkokomo ngati galimoto ikuolokera pamlatho wamatabwa, ndipo anthu anayang'ana kumwamba kufuna mitambo. Kumwamba kunali mbee. A Tsokalida anapukuta thukuta, napanikiza miyendo pamodzi.

"Choonadi chimenechi, ndikuti, nyemba zakwana 5,903, pamene mtedza... pamene mtedza..."

Nduna ya Zamipini inanyamuka mwakachetechete, inagwadira Mfumu mwachidule, n'kuyamba kuyenda chammbali kulowera kuseri kwa nyumba yachifumu. Itafika pangodya inataya ulemu n'kuliyatsa liwiro.

"Mmodzi!" anafuula Jenala ali pakati pa anthu.

Ya Zamilatho inatsatira, itagwira lamba.

"Awiri!" linayankha bwalo lonse.

Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma kuseri kuja chitseko chinali chimodzi, chifukwa chimbudzi cha olemekezeka anachimanga chokwana munthu mmodzi kuti chikhale chaulemu. Kunamveka kugogoda, kenako kuchonderera, kenako nduna ikukumbutsa inzake kuti inalowa m'boma poyamba ndi iyo. Anthu anawerengabe, atatu, anayi, mpaka asanu ndi atatu, ndipo okalamba amati chiyambire dzikolo sikunakhaleko kuwerenga koona ngati kumeneko. A Tsokalida anayesetsa kulimba, koma pomwe ankati atchule nambala anangoti, "Mayo ine," n'kuthamangira m'munda wa chinangwa cha Mfumukazi.

A Chimwaza anali atakhala kutsogolo, akulemba m'kabuku kuti nduna zikutuluka chifukwa chogwidwa ndi chisoni poona kuba kwa msungi. Chiganizocho sanachimalize. Anadumpha mabenchi awiri, cholembera chili pakamwa.

Pabwalo panatsala Mfumu, mlembi wa bwalo, wometa, Nangozo ndi anthu. Nangozo anagwada, naomba m'manja katatu.

"Mwinidziko, ndiloleni ndiyankhule. Mavoti ndinawathira mankhwala a mbewu monga mwa lamulo. Ndinalengeza. Achemwali, bweretsani pepala lija."

Jenala anabwera ndi tsamba lachisanu ndi chiwiri la Nkhwangwa, likununkha usipa. Mfumu sinalilandire. Inali itakhala chowongoka pampando wake, maso ali tong'o, manja atakanirira pazogwirira, ndipo thukuta linkatsika kuchokera pansi pa chisoti. Anthu anazindikira kuti kampango ka a Tsokalida kanafika. Tsono ku Zidzaoneka kuli lamulo lakale lomwe silinasinthidwepo: Mfumu sichoka pabwalo mlandu usanagamulidwe, ndipo Mfumu sithamanga.

Mlembi wa bwalo anayandikira ndi buku lake. "Mwinidziko, mwina tikhazikitse komiti yoti iunike..."

"Komiti ayi!" Mawu a Mfumu anatuluka ngati mwala wa legeni. "Chiwerengero cha tsiku lovota lija ndicho choona. Mayiyu ndi wosalakwa. Mumpatse mpango wake. Bwalo latha."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osagamula kanthu, tsiku limenelo inagamula zinthu zitatu mpweya umodzi. Inatsika pampando pang'onopang'ono, n'kuyamba kuyenda timasitepe tating'ono, mawondo ali pamodzi, oimba ng'oma akuvutika kupeza kayimbidwe kogwirizana ndi mayendedwe atsopanowo. Anthu anagwada monga mwa mwambo, nkhope pansi, mapewa okha akugwedezeka.

Nangozo anamanga mpango wake. Anali wokondwa, inde, koma chimwemwe chake chinali ndi mchenga, pakuti chigamulo chomwe chinapulumutsa mutu wake ndi chomwecho chinaika chiphaso pakati pa iye ndi adzukulu ake. Anasenza mitsuko yake n'kumapita, osayang'ana kumbuyo.

Loweruka nyuzipepala zonse zinatuluka mochedwa. Mlomo unati, "Kutuluka mu Mgwirizano Kwayamba Kudwalitsa Anthu: Nduna Zisanu ndi Zinayi Zili Gone," ndipo unapempha kuti mavoti awerengedwe kachinayi. Pempholo linafera m'mazira, chifukwa panalibe nduna yolola kukhalanso chipinda chimodzi ndi mitsukoyo. Nkhwangwa inati mtedza wokonda dziko lake wabwezera adani uli m'mimba mwawo, koma inachenjezabe anthu kuti asamale ndi kazitape. Pa za Nangozo nyuzipepala ziwirizo zinagwirizana kwa nthawi yoyamba, zonse zinati ndi mayi woopsa.

Lolemba Nangozo anapita kumsika mtima uli m'mwamba, akuganiza kuti mayi woopsa sagulidwa mbewu. Atakhota pangodya ya ogulitsa makala anaona mzere wa anthu wofika kumpopi, ndipo anayesa kuti kwagwa maliro. Mzerewo unkathera pabenchi lake. Mayi wa nandolo uja anali wachitatu, maso ali pansi.

"Tipatseni yonyezimira ija," anatero bambo woyamba, akutambasula thumba. "Ija yoti boma silingadye."

Pofika masana matumba onse atatu anali atatha, Jenala akuthandiza kukulunga ndi masamba a Mlomo. Womaliza pamzere anali mkulu wina wa ndodo, yemwe kale ankaphunzitsa sukulu kumudzi wa Tidikire. Sanafune mbewu. Anawerama pabenchi n'kutsitsa mawu.

"Amayi, kwathu anatilonjeza simenti ya sukulu chaka cha dzana. Imanyamuka ku Mpandowanga matumba zana, kwathu kumafika fumbi. Mankhwala anuwa simungatipakireko pamatumbapo?"

Nangozo anapukuta manja pachitenje, namuyang'ana mkuluyo mwachisoni.

"Pepani, aphunzitsi," anatero. "Mankhwala angawa amagwira wotafuna. Simenti amameza yathunthu."